Desiki ya pa Zenera la Kum'mawa

"Ine dzuwa ndinalimaliza," anatero a Chiphiphiritso, kapu ya tiyi ili m'manja, msana atautsamiritsa pa zenera. "M'mabuku a alembi akale mulibe dzuwa limene linatuluka ine osaliona. Lonse ndinaliwerenga, ndinalisanthula, ndipo yankho lake ndi limodzi basi. Dzuwa ndi moyo. Dzuwa ndi choonadi. Dzuwa ndi chiyembekezo. Mlembi weniweni sanganyoze dzuwa."

Mayi a Masamu anamva zimenezi ali kuseri kwa kabati, kumene desiki yawo inakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Sanadzutse mutu. Anali pakati pochonga makope a ana, koma cholembera chofiira chinaima kaye. Ku ntchito yawo mawu oti "lonse" ndi oti "mulibe" anali mawu olemera, osati ongotola pomwa tiyi. Mwana akawalemba popanda umboni, mamalikisi ankachoka pomwepo.

Chipinda cha aphunzitsi pasukulupo chinali chachitali ngati khonde, cha simenti pansi, chokhala ndi madesiki khumi ndi awiri. Mazenera analipo anayi, koma atatu anayang'ana khoma la nyumba ina, imene anaimanga munthu amene mwachionekere sankakonda aphunzitsi. Lachinayi lokha ndilo linayang'ana kum'mawa. M'nyengo yozizira dzuwa linkalowera pamenepo kuyambira belu loyamba mpaka nthawi ya tiyi itatha, ndipo linkagwera pa desiki imodzi yokha. Desikiyo inali ya mphunzitsi wa mabuku a nkhani ndi ndakatulo. Ana anawapatsa dzina loti a Chiphiphiritso chifukwa kwa iwo kalikonse m'buku kankaimira kena kake: mvula inali misozi, chitseko chinali tsogolo, ndipo galu akangodutsa m'nkhani, ana ankadziwiratu kuti lero aweruka mochedwa. Eni ake dzinalo analimva, ndipo analilandira ngati digiri.

Mayi a Masamu anali ndi nyamakazi m'manja. Kukazizira, zala zinkauma mpaka cha m'ma teni koloko, ndipo choko chinkawapulumuka ali pakati pa funso, ana n'kumayang'ana pansi mwaulemu. Ankabwera ndi botolo la madzi otentha atalikulunga m'kansalu, koma likamafika belu lachiwiri botolo lomwelo linkakhala litazizidwa nalonso. Nthawi ina anapempha a Depute, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, kuti awasamutse kuseriko. A Depute anati, "Tiziona." Chinali chaka chachitatu akuzionabe.

"Akulu, lonse lonse?" anafunsa a Sayansi, mphunzitsi amene tiyi sankamukomera popanda wina womuputa. "Ngakhale kadzuwa kamodzi kokha kamwano?"

"Lonse, mphwanga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili m'mabuku amenewa. Inu mumaliona dzuwa ngati mpira wa mpweya wotentha. Ife timaliona mmene lilili."

"Nanga wina atakupezerani?"

A Chiphiphiritso anaseka kaseko kawo ka m'mphuno. "Wina atandipezera buku limodzi lokha, la pa shelefu ya alembi akale mu laibulale muja, m'mene mlembi akulida dzuwa poyera, ndimupatsa desiki ino. Ndi mpando womwe. Katundu wanga ndidzasenza ndekha."

"A Depute, mwamvatu?"

"Makutu ndili nawo awiri," anatero a Depute akutakasa shuga. "Onse amva."

Anthu anaseka, belu linalira, nkhaniyo n'kuthera pomwepo. Koma kuseri kwa kabati sinathe. Mayi a Masamu buku la nkhani anawerenga komaliza ali ku koleji, ndipo sankakumbuka ngati munali dzuwa kapena mvula. Chimene ankadziwa n'chimene ankaphunzitsa chaka ndi chaka: kuti ugwetse munthu wonena kuti "zonse", sufunika kubwera ndi ngolo. Chimodzi chokha chimakwana.

Madzulo a tsikulo, Lachiwiri, ana ataweruka, analowa mu laibulale.

"Mwasochera, mayi?" anafunsa woyang'anira laibulale. "Masamu alitu uko."

"Ndikufuna alembi akale."

"Ndi awo, pansi pa wotchi yakufayo. Mupepese fumbi, alendo sabwera kawirikawiri."

Mayi a Masamu anayamba ndi kuwerengetsa, poti ndiwo mwambo wawo. Mabuku anali makumi anayi ndi atatu, onenepa okhaokha. Atachulukitsa ndi masamba, n'kugawa ndi liwiro lawo la kawerengedwe, anapeza kuti dzinja lidzafika, lidzapita, kuzizira n'kubweranso iwo asanafike pakati pa shelefu. Komabe poti anali atabwera kale, anasolola buku lachikuto chobiriwira, limene a Chiphiphiritso ankaphunzitsa chaka chilichonse. Analisankha kokha chifukwa analipo ambiri ofanana, ndipo palibe akanalisowa.

Ndiye analitsegula mmene anatsegulira buku lililonse kwa zaka makumi awiri ndi zinayi: kumbuyo, kumene kumakhala mayankho.

Mayankho kunalibe. Koma kunali chinthu china chachilendo. Masamba anali oyera mbee, ngati mbale za alendo. Atalitembenuza bukulo n'kuyang'ana m'mphepete, anaona kuti chigawo chakutsogolo chinali chakuda ndi zala, chopindikapindika, koma chakumbuyo chinali chisanakhudzidwe. Malire ake ankaoneka bwinobwino, monga pa khoma la m'kalasi pamene manja a ana amalekezera. Anasolola lachiwiri, lachitatu, lachisanu ndi chiwiri. Onse chimodzimodzi. Kutsogolo, m'mbali mwa masamba, ana a zaka zosiyanasiyana analembamo ndi pensulo mawu omwewo: dzuwa ndi chiyembekezo. Zolembazo zinkalekera pa mutu 17. Bukulo linali ndi mitu makumi awiri ndi isanu.

Anayamba kuwerenga mutu 24 ataimirira. Nkhaniyo ankaidziwako pang'ono, chifukwa panalibe munthu pasukulupo amene anali asanaimvepo kudzera pa khoma: mtsikana wotsegula mazenera m'mawa uliwonse kulonjera dzuwa, akudikira bwenzi lake lomwe linapita kutali kukafuna ntchito. Koma kuno kumbuyo mtsikanayo anali mayi wa imvi. Bwenzi lija linabwera, anakwatirana, ndipo tsopano anali atangoliika m'manda. M'mawa mwake dzuwa linatuluka lowala kuposa masiku onse. Linatero chaka chimenecho ndi chotsatira, mvula osagwa, mpaka munda wake unasanduka phulusa. Mayiyo anatenga matabwa ndi misomali n'kukhomera mazenera onse. Ndipo mlembi, m'mawu akeake, analitukwana dzuwa masamba awiri athunthu.

Mayi a Masamu anapezeka atakhala pa kampando ka ana. Anawerenga mpaka tsamba lomaliza. Kenako anabwereka bukulo kuti akaone mmene zinayambira.

Kunyumba, tsiku lotsatira, anafotokozera amuna awo akuthirira maluwa pakhonde.

"Ndiye mukudikira chiyani?" anatero bambowo. "Mawa pa tiyi, onse atakhala, muimirire muwawerengere. Mokweza. Muyambe ndi kutsokomola ngati mmene amachitira eni ake."

"Si dzuwa lokhatu limene ndapeza, bambo."

"Mwapezanso mwezi?"

"Ndapeza kuti munthuyu bukuli sanalimalize. Zaka zonsezi. Ndikawerenga pagulu, aliyense adziwa. A Sayansi adzaiimba nyimbo imeneyi mpaka tsiku lawo lopuma pa ntchito."

"Ndiye zala zanu zidikire chifukwa cha manyazi a mwamuna wamkulu? M'mawa uno mabatani a juzi ndakumangirani ndine."

Zinali zoona. Koma panalinso china chimene Mayi a Masamu sananene. Buku lawo la masamu nalonso linali ndi mutu wake womaliza, ndipo teremu iliyonse yachitatu ankaima kutsogolo kwa ana n'kunena kuti, "Umenewu mukaone nokha, ngosavuta." Kusiyana kwake kunali koti iwo mutuwo ankaudziwa. Koma masamba oyera aja anawazindikira msanga ngati nkhope ya mbale wawo.

Lachinayi, pa ola limene onse awiri analibe kalasi, chipinda chinatsala ndi anthu awiri okha. Mayi a Masamu anatuluka kuseri kwa kabati, anayenda kudutsa madesiki onse, n'kuika bukulo lotsegula pa desiki ya pa zenera. Pochotsa dzanja anachedwa pang'ono. Thabwalo linali lofunda ngati buledi wongophula.

"Aa, mayi! Mwayamba kuwerenga?" anatero a Chiphiphiritso mokondwa. "Sikuchedwa, sikuchedwa. Ambiri amabwera kwa ife atakula. Mwafika pati?"

"Ndayambira kumbuyo."

"Kumbuyo? Buku la nkhani? Mayi, kumeneko n'kuvala malaya moyambira m'miyendo."

"Tawerengani apo, bambo. Kuyambira ndime yachiwiri."

Anavala magalasi mwa ulemerero wake wonse n'kuyamba. Atafika pakati pa tsamba, milomo inasiya kumwetulira. Atatembenuza tsamba, anakanda kuseri kwa khutu.

"Ili liyenera kuti ndi lina, losindikizidwa posachedwa. Osindikiza a masiku ano amangowonjezera zawo."

"Ndi lomwe mumagawira ana. Chidindo cha sukulu ndi icho."

"Chabwino. Koma muyenera kumvetsa, mayi, poti ndinu mlendo m'zinthuzi. Apa dzuwa si dzuwa. Likuimira…"

"Lawotcha munda, bambo. Chimanga chauma. Mayiyo wakhomera mazenera ndi misomali."

"Misomaliyo ndiye ikuimira…"

Sanamalize. Anatsegula dirowa n'kutulutsa buku lawolawo, lomwe ankalinyamula pamtima popita m'kalasi, lachikuto chomatamata ndi tepi. Anafuna tsamba lomwelo. Masamba a kumbuyo anakana kutseguka; anali ogwirana m'mphepete monga mmene anachokera kosindikiza, ndipo anachita kuwalekanitsa ndi rula. Phokoso lake linamveka chipinda chonse. Mawu anali omwewo.

Anaika rula ija pa desiki.

"Teremu ndi yaifupi," anatero a Chiphiphiritso, osayang'ana mayiwo.

"Ndikudziwa."

"Ndikafika mutu 17, mayeso ali pakhomo. Chaka choyamba ndinati ndikamaliza patchuthi. Ndinkanenadi zoona nthawi imeneyo. Chaka chachiwiri zolemba zanga zinali zokonzeka kale, ana anakhoza bwino, poti pa mayeso amasankha okha funso. Kenako munthu umangozolowera."

"Nanga ana akafunsa kuti zimatha bwanji?"

"Ndimati, 'Mwaona mmene dzuwa likuwalira pa mutu 17? Ganizani nokha.'" Anavula magalasi. "Ndiye kuti mwamunayo amamwalira?"

"Pa mutu 23."

"Aa. Munthu wabwinobwino uja."

Ananena ngati amva uthenga wa maliro a mnzawo wa kusukulu, ndipo Mayi a Masamu anapeza kuti mawu amene anakonzekera ulendo wonse wa m'basi asowa.

"Tikhoza kungosinthana mwakachetechete," anatero. "Munene kuti kuwala kwayamba kukupwetekani maso. Pa msinkhu wathuwu palibe angadabwe. Za bukuzi zithere pano."

A Chiphiphiritso anayang'ana desiki yawo: mulu wa mapepala, chikho cha zolembera, dzuwa litayala pamwamba pa zonsezo.

"Ndipatseni mpaka Lolemba," anatero.

Lachisanu kunazizira kuposa masiku onse a chaka chimenecho. Choko chinagwa katatu m'kalasi imodzi. Pa nthawi ya tiyi Mayi a Masamu anafumbata kapu ndi manja awiri kuseri kwa kabati, akumva a Chiphiphiritso akufotokozera mphunzitsi wa zamalonda kuti mtsinje m'ndakatulo sukhala mtsinje. Mawu anali amphamvu ngati kale. Za maso opweteka sanatchule. Za desiki sanatchule. Mayiwo anayamba kuganiza kuti amuna awo mwina ananena zoona, ndipo Loweruka ndi Lamlungu lonse funso limodzi linkawazungulira m'mutu: Lolemba munthuyu akangokhala chete, iwo adzaimirira kapena ayi? Yankho silinatuluke. Lolemba m'mawa anaika buku lobiriwira m'chikwama, pambali pa botolo la madzi otentha, osadziwa ngati alitulutsa.

Pa tiyi chipinda chinadzaza. Mayi a Masamu anali atagwira kale zipi ya chikwama pamene kunamveka supuni ikugogoda kapu.

"Abale ndi alongo m'ntchito," anayamba a Chiphiphiritso ataimirira, atavala jekete lawo la pa tsiku la mphoto. "Munthu wophunzira saopa choonadi. Kafukufuku wanga wa posachedwapa wasonyeza kuti nkhani ya dzuwa m'mabuku a alembi akale ndi yakuya kuposa mmene akatswiri ambiri akhala akuganizira."

"Akatswiri ake ati, akulu?" anafunsa a Sayansi. "Ife timadziwa mmodzi."

"Mphwanga, khala pansi umve."

"Ndakhala kale."

A Chiphiphiritso anatsegula buku lawo lomatamata lija chakumapeto n'kuyamba kuwerenga. Apa tinene chilungamo: munthuyu ankadziwa kuwerenga. Mawu aja a m'mphuno anachoka, kunabwera ena otsika, osathamanga.

"Linatulukanso m'mawa mwake, losamba bwino, ngati silinamve kuti m'nyumbamo mwachitika chiyani. Ndi kapitawo amene sanafunsepo wantchito ngati wagona. Limawalira wakuba ndi wobedwa mofanana, ndipo anthu amati limenelo ndi khalidwe labwino. Iye analitsegulira zenera zaka makumi atatu, ilo silinaphunzire ngakhale dzina lake."

Anawerenga masamba onse awiri. Atafika pamene mayi uja akukhoma msomali womaliza n'kukhala pansi mumdima masanasana, anaima kaye n'kuchita ngati akukonza magalasi. Supuni zonse zinali zitaima m'makapu.

"Zimenezi zili m'buku lobiriwira lomwe lija?" anafunsa mphunzitsi wa zamalonda. "Ine ndinkayesa limathera paukwati."

"Tsamba 287."

"Limafika kumeneko?" anatero a Sayansi.

A Chiphiphiritso anatseka bukulo. Mayi a Masamu, amene tsopano anali ataima pambali pa kabati, anaona kuti khomo linali lotsegula: munthuyo akanatha kunena kuti anaiwala, kapena kuti ankafuna kuyesa anzake. Anamuona akuliyang'ana khomolo.

"Limafika tsamba 318," anatero a Chiphiphiritso. "Ndinadzionera ndekha Loweruka masana. Kanali koyamba. Amene anafikako ine ndisanafike ndi Mayi a Masamu awo, ndipo anadzera kumbuyo, njira imene sindingailimbikitse kwa ana, koma yawafikitsa."

A Sayansi anatsegula pakamwa. Aliyense anadikira. Koma munthu akadziika yekha pambale, woputa amasowa poyambira. Anangotseka pakamwapo n'kumwa tiyi.

"Ndiye lonjezo lija?" anafunsa a Depute.

"Ndi limene ndaimirira."

Anavula jekete n'kulipachika pa msomali. Anasolola dirowa yoyamba yonse, yodzaza ndi zolemba zachikasu, n'kuinyamula pamimba kudutsa pakati pa madesiki. Anthu anabweza miyendo kuti adutse. Mphunzitsi wa zamalonda anaimirira kuti athandize.

"Ayi, ayi. Ndinati ndekha."

Anayenda maulendo asanu ndi awiri. Pa ulendo wachinayi anali akupuma ngati wokwera phiri, ndipo pa wachisanu mabuku otanthauzira mawu anagwa pansi, a Sayansi n'kuwatola osanena kanthu, chinthu chimene chinali chisanaonekepo m'chipindamo. Pobwerera ulendo uliwonse ankabwera ndi katundu wa Mayi a Masamu: makope, bokosi la choko, rula yaitali ya pa bolodi. Pomaliza anapukuta desikiyo ndi mpango wawo wa m'thumba.

"Mpando tengani, bambo," anatero Mayi a Masamu. "Munauzolowera. Wanga uja ngolimba."

"Mpando unali m'lonjezo," anatero a Depute. "Makutu onse awiri anamva."

"Khalani, mayi," anatero a Chiphiphiritso, akuukoka mpandowo ngati woperekera zakudya m'hotela. "Pamaso pa mboni."

Mayi a Masamu anakhala. Wina anayamba kuwomba m'manja, ena n'kutsatira, ndipo a Chiphiphiritso anawerama pang'ono kulandira, poganiza kuti n'zawo. Mwina theka zinalidi zawo. Kenako anatenga kapu yawo n'kulowera kuseri kwa kabati.

Dzuwa linali litatsala ndi mphindi makumi awiri pa desikipo. Mayi a Masamu anayala manja onse awiri pa thabwa, zala zotambasula, osachonga kanthu. Kutentha kunayamba kulowa pang'onopang'ono, kuyambira m'zikhadabo.

Kuseri kuja kunamveka mpando ukukhwekhwereza, kenako chete, kenako kutsokomola.

"Mayi a Masamu?"

"Bambo?"

"Kuno kumazizira chonchi masiku onse?"

"Lero kwafundako," anatero mayiwo.